Akamwini Awiri ndi Chulu cha Pakati

Ana inu, nkhanga musaipeputse poona kamutu kake. Inaposa nzeru amuna awiri, ndevu zili pepeya, pakhomo pa mayi Nangondo.

Mwamuna wa mayiwa akadali moyo, udzu ukauma ankatenga akamwini ake awiri, Kamtedza ndi Chimbalanga, n'kuzungulira nawo nkhokwe ndi chigafa, akuloza ndi ndodo modzera njira yotchinga moto. Atamwalira, njira yonseyo inatsala m'mutu mwa mayi Nangondo okha. Tsono mukudziwa, mkamwini sayendera limodzi ndi apongozi ake aakazi. Akawaona patali amalumphira patchire ngati wakumana ndi njati. Mayiwo anangotuma ana awo kuti akauze amuna awo: wina alambule cha kum'mawa, wina cha kumadzulo, akakumane pachulu.

Mkazi wa Kamtedza anapempha mwamuna wake kuti ayambe waonana ndi mnzakeyo.

"Ine ndikafunse uja wogwira khasu ngati chipande?" anatero Kamtedza, chifuwa chili tuu ngati tambala. "Apongozi adzaona okha kuti mwamuna pano ndani."

Chimbalanga naye ankati salankhula ndi munthu wodzuka dzuwa litafika pamutu.

Koma kulambula kwake! Kamtedza anapala njira yotakata yoti ngolo ziwiri n'kupatukana. Chimbalanga anasesa yake mpaka nyerere inkaterereka. Aliyense anafika pachulu, n'kupukuta thukuta. Kungoti Kamtedza anafikira kutsogolo kwa chulucho, Chimbalanga kuseri. Pakati panatsala kamzere ka udzu kopyapyala ngati lamba wa mwana. Aliyense ankati n'ka mnzake.

Madzulo ena mayi Nangondo anamva nkhanga zikusokosera pachulupo ngati zili pamlandu, kenaka zonse zinatsikira kudambo pamzere umodzi. M'mawa mwake osaka mbewa anayatsa tchire. Moto unafika panjira ya Kamtedza, unabwerera. Unayesa ya Chimbalanga, unalephera. Kenaka unapeza kalamba kaja, unalowa mwaulemu ngati mlendo wodziwa khomo.

Nkhokwe zonse zinapsa, chigafa ndi fodya wake yemwe. Fungo la chimanga chopserera linakhala m'mudzimo mpaka mvula.

Akamwini aja analozana zala, aliyense akuti mbali yake moto sunadutse. Ndipo onse ankanena zoona. Njala itakula anatenga akazi awo n'kupita kukasaka maganyu kutali, osabweranso. Mayi Nangondo anatsala okha, akufukula phulusa kufuna maso a chimanga. Kudambo nkhanga zinkalira, zonse zamoyo. Mayiwo anapukusa mutu nati, "Nkhanga zinapangana kusanapse."

Ndiwo mwambi uja, ana inu. Ntchito ya anthu ambiri siionongekera pakati pa gawo la munthu, imaonongekera pokumanira. Musananyamule makasu, yendani limodzi muone chinthu chonse, mugwirizane kuti chako chithera apa, changa chiyambira apa. Moto ukayaka, nthawi yopangana yatha.