Mabawuti Anayi a Boti la Kachiwanda

Kalekale, ana asanayambe kudikira maliro a makolo awo poyera, kunali mkulu wina dzina lake Kachiwanda. Anali ndi boti la thanga lonyamula anthu ndi chimanga kupita ku chilumba cha Chizumulu. Atakalamba anaikamo injini, nalamula kuti thanga lizitsala kumtunda. Injiniyo inkazunguza shafiti, chitsulo chachitali chotulukira pabowo la kumbuyo kukatembenuza pulopela m'madzi. Pokumana injini ndi shafiti panali mabawuti anayi. Ankawamanga yekha, ndipo aliyense wonena kuti pakugogoda ankamutsitsa: "Ukulodza ulendo!"

Ankayenda ndi mwana wake Binali, mwana wa mlongo wake Sitefano, ndi mkamwini wake Dawa. Onse ankadziwa kuti botilo lidzatsalira mmodzi yekha.

Tsiku lina masana, ali pakati pa nyanja ndi anthu makumi awiri, panamveka kuti khoo! Shafiti inasololoka yonse, pulopela inaswa chiwongolero, zonse n'kumira. Madzi anayamba kulowa pabowo paja.

Binali anapisa m'thumba, natulutsa chitsekero chamtengo, nachikhomera pabowopo. Chinakwana ndendende.

Sitefano anagubuduza matumba a chimanga. Pansi pake panali thanga lija, lopindidwa bwino, zingwe zatsopano.

Dawa anasolola nkhafi yaitali imene anaibisa m'mphasa, nawongolera boti mpaka padoko. Sanafe munthu.

Anthu ankavina, koma Kachiwanda anagwada painjini. Mabawuti awiri anali othyoka. Enawo kunalibe, ngakhale kachidutswa.

"Iwe Binali, chitsekerochi unasema liti?"

"Mwezi watha, bambo."

"Osandiuza?"

"Wokuuzani chaka chatha uja, mpaka lero akuyenda pansi."

"Nanga iwe Sitefano, thanga langa linakwera lokha?"

"Likanatsala, malume, bwenzi mukundifunsira pansi pa nyanja."

"Inunso akamwini, bwanji mwana wanga, mkazi wanu uja, munamuletsa kukwera lero?"

Dawa anayang'ana pansi. "Mutu umamupweteka, apongozi. Ine mkamwini ndimangopalasa."

Mkuluyo anawayang'ana mmodzimmodzi. Atatu onse anakonzekera tsoka lomwelo, aliyense mobisira mnzake. Kodi anangomva kugogoda, naopa pakamwa pa mkuluyo? Kapena wina anamasula mabawuti awiri aja kuti aoneke mpulumutsi pamaso pa anthu? Kachiwanda ankalumbira kuti anawamanga onse anayi, ngakhale manja ake anali atayamba kunjenjemera. Ukalamba ndi wotero: okupulumutsa ndi okukumbira dzenje amadya nawe mbale imodzi.

Maso ake anali akuchita khungu, ndipo boti silikanakhala lopanda mwini.

Tsono inu mwamva. Popanda chitsekero akanamira, popanda thanga akanangoyandama, popanda nkhafi akanaswekera pamiyala. Mukanakhala Kachiwanda, boti mukanapatsa yani mwa atatuwa, ndipo mukanakweranso naye?