Ngalande Yodutsa kwa Mnansi

Kalekale, mzinda usanafike kudera la Chimwankhuku, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nangondo. Ankalima mpiru, tomato ndi nyemba m'dimba lake la m'mphepete mwa dambo, ndipo ana ake ankadya za m'menemo. Mzinda utayamba kukula, anzake anagulitsa minda n'kusamuka. Iye anakana. Posakhalitsa dimba lija linazingidwa: mbali imodzi khoma lalitali la fakitale, mbali zitatu mipanda ya anthu obwera. Dambo linauma, njira inatsekeka, nthaka inaguga.

A Mwafulirwa, mmodzi mwa obwerawo, amene anakumba chitsime pafupi ndi malire, anaona mpiru ukufota. "Mayi, mbewu zisafe ine ndikuona. Muzitunga kwanga," anatero.

Mnansi wina, Che Likaka, anapeza Nangondo akukwera mpanda, dengu la tomato lili pamutu. Tsiku lomwelo anaboola khoma lawo n'kuikapo kachitseko, pafupi ndi chipinda chimene munkagona amayi awo odwala. "Muzidutsa pano popita kumsika. Ndinu munthu wamkulu, musamalumphe mipanda."

Mnansi wachitatu, Mayi Chikwemba, ankalera adzukulu awo pogulitsa mazira a nkhuku zawo. Iwo ankangosesa m'khola n'kuthira zitosi kuseri kwa mpanda, mpaka nthaka ija inadanso bii. Dimba linatsitsimuka, ndipo dera lonse linkadya ndiwo za kwa Nangondo.

Chaka china kunagwa mvula yoopsa. Popeza anthu anali atamanga padambo ponse, madzi anasowa kolowera. Nyumba zinagwa, ndipo mwana wina anatsala pang'ono kukokoloka. Ndiye kunabwera mkulu wokonza mapulani a mzinda.

"Amayi, madzi a dera lonse lino amakumana m'dimba mwanu," anatero mkuluyo. "Dimbali tikufuna likhalebe, chifukwa likudyetsa anthu. Koma ngalande iyenera kutuluka muno kudzera kwa mmodzi mwa anansi anu atatuwa. Konseko n'kotheka, ndiye sankhani ndinu. Mukakana, dimba lonse tilikumba likhale damu."

Nangondo anayang'ana uku ndi uku. Ikadzera kwa a Mwafulirwa, chitsime chikwiriridwa, ndipo iwo ndi mbewu zomwe asowa madzi. Ikadzera kwa Che Likaka, njira itha ndipo chipinda cha wodwala chigwetsedwa. Ikadzera kwa Mayi Chikwemba, khola lipasuka, adzukulu agona ndi njala.

Anansi atatu aja anaima pamalire, aliyense kumbali yake. Panalibe amene anapempha kuti amuchitire chifundo, ndipo panalibenso amene anati, "Idzere kwanga." Kum'mawa mitambo inali itayambanso kuda.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tandiuzani: Nangondo aloze mpanda wa ndani? Kapena apereke dimba limene atatuwo analipulumutsa, ana ake akadyere kuti?