Umboni Umene Shehe Ajibu Anakana Kupereka

Che Mdoka, mwini magolosale pa Ntaja, anafika kwa Shehe Ajibu titangomaliza swala, pemphero lathu la masana. Ine ndinali pakhonde ndi ana amene ndimawaphunzitsa kuwerenga Qur'an. Mwana wa Che Mdoka, Twaibu, ankaimbidwa mlandu wogwiririra Asiyatu, mayi wachitsikana wogulitsa tomato, ndipo tsiku la khoti linali litayandikira.

Shehe anapatsa mlendoyo mpando wawo wa pamthunzi, iwo n'kukhala pamphasa. Atangomva dzina la Asiyatu, anauza anawo kuti akasewere kuseri. Ine anati nditsale, poti nkhani ya mkazi siyenera kukambidwa ndi amuna okhaokha.

"Shehe, ndabwera kudzapempha umboni," anatero Che Mdoka. "Mkazi uja mukumudziwa. Ukwati woyamba unamukanika. Mwana wachiwiriyu bambo wake sadziwika. Loya wanga akuti woweruza akhoza kukana kumva zimenezi, koma zikachoka pakamwa panu adzatchera khutu."

"Zoti ukwati unatha ndikuzidziwa, bambo," anayankha Shehe. "Nanga za tsiku limene akudandaulalo, mwamufunsa Twaibu?"

"Akuti anagwirizana."

"Ndiye akanene zimenezo iye mwini. Ine sindinalipo."

Che Mdoka anakweza mawu. "Denga la mzikiti uno anakhoma ndani? Sindikupemphani bodza ayi. Mungonena zoona, kuti mkaziyo amuna anawazolowera. Wotere angakane ndani?"

Shehe anathirira Che Mdoka madzi m'kapu n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Twaibu ndi mwana wanganso," anatero motsitsa mawu. "Anaphunzira pakhonde lomweli. Asiyatu ankakhala apo, pafupi ndi mzati. Masiku ano satuluka m'nyumba, tomato wake akugulitsa ndi mng'ono wake. Twaibu ndi Asiyatu, onse awiri ndimawapempherera."

"Ndiye mupulumutseni Twaibuyo, Shehe. Mayi ake sakudya."

Apa kunyada kuja kwa Che Mdoka kunatha. Anangotsala bambo wokalamba atagwira kapu.

"Che Mdoka, munakhalapo mboni pa ma nikah ambiri, maukwati amene ndamangitsa," anatero Shehe. "Tandikumbutsani. Namwali akafunsidwa ngati akumufuna mwamunayo, iye n'kungowerama mwamanyazi, timatani?"

"Timati wavomera."

"Nanga mkazi amene anakhalapo ndi mwamuna?"

Che Mdoka anayang'ana pansi. "Ameneyo mpaka ayankhule yekha."

"Mpaka ayankhule yekha, mboni zimve," anatero Shehe. "Akangokhala chete, ukwati sindimanga. Akati toto, anthu amabwerera kwawo ngakhale mpunga utapsa kale. Chipembedzo chathu sichinanenepo kuti zakale za mkazi zimamuvomerera za lero. Inu mukufuna ndikauze khoti kuti popeza Asiyatu anadziwapo mwamuna, panalibe chifukwa chomufunsira. Ine zimene ndinaphunzira n'zakuti wotereyo ndiye woyenera kumumvetsera kwambiri. Mukandiitana, ndipita, bambo, ndipo ndikakhala pafupi nanu kuti musakhale nokha. Koma akandifunsa, ndikanena zomwezi."