Mwini Mpando wa m'Benzi

A Mkwapatira, tcheyamani wa msika, ankati chilichonse chonyezimira pamsikapo n'chawo. Tsiku lina anaona Benzi ya mwini zigayo pagalaja ya Zuze, mipando yake yachikopa ili waliwali.

"Zuze, zula mipandoyi uyike m'Kolola yanga. Yanga yong'ambikayo uponye m'Benzimo. Ukakana, mawa pano ndiikapo wogulitsa makala."

"Ndine ndani ine wokana, bwana?"

Zuze anamasula mabawuti n'kunyamula mpando wakutsogolo, wapambali pa dalaivala, mpaka pa Kolola. Kenako anavula chipewa, anagwada, n'kuwombera m'manja mpando wopanda munthuwo.

"Pepani akuluakulu, takusamutsani. Kuyambira lero okudyetsani ndi awa."

"Ukuyankhula ndi ndani iwe?"

"Amene amalemeretsa mwini zigayo uja, bwana. Simunaone kuti pampandowu sipakhala munthu, ngakhale mkazi wake? Koma savuta. Mwana mmodzi pachaka basi. Inu si muli nawo asanu ndi awiri?"

A Mkwapatira, amene ngakhale chikwama chawo ankachita kuwanyamulira, anasenza okha mpandowo kubwerera ku Benzi, thukuta lili kamukamu.

"Pang'onopang'ono, bwana," anatero Zuze. "Akagwa amenewo, amatsalira kwa wowagwetsa."