Makuponi Amene Anafa ndi Dzuwa

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mwakhala kumbuyoko, nyama zinali ndi paki yawoyawo ya masewera. Mwini wake anali Khwangwala. Munali akatungwe, munali gudumu lalikulu lokweza nyama m'mwamba, munalinso paipi yaitali yokhotakhota, imene wolowamo ankatsetsereka ndi madzi mpaka kukagwera m'dziwe, khuvu. Malesitilanti anali mbwee. Koma m'katimo chakudya sichinkagulidwa ndi ndalama. Unkalipiriratu pachipata n'kulandira makuponi. Kuponi imodzi, mbale imodzi. Dzuwa likalowa, kuponi yafa.

Gologolo anali mayi wamasiye wa ana atatu. Chaka chonse anawo ankangomvera kwa anzawo za pakiyo, ndipo mayi awo analonjeza kuti akakumba mtedza adzawatengerako. Neba wawo Mvuu atamva, anati apitire limodzi. Mvuu sanali woipa mtima ayi. Denga la Gologolo likadontha ankafolera ndi iyeyo, ndipo ana ankamuitana kuti amalume. Vuto lake linali mimba basi.

Pachipata anasonkherana ndalama, Gologolo za mtedza, Mvuu za udzu wofolera, ndipo kunena zoona Mvuu ndiye anaponya zochuluka. Makuponi onse anatenga ndi iye n'kuwapanira kukhutu, ati kumeneko wakuba sangafikeko.

Pa lesitilanti yoyamba, Pusi wogulitsa anang'amba kuponi n'kubweretsa chipisi. Tsono mbale za Khwangwala zinali zofanana kwa aliyense, kaya ndiwe mbewa kaya ndiwe njati, kambale konga chikhatho. Mvuu anati alawe kaye, poti zakudya za m'malo otere zimatsegula ana m'mimba. Kwapu, mbale mbee. Anati kukoma sanakumve bwino, alawenso. Kwapu, mbale mbee. Kenaka anapukusa mutu, ati mafuta ake ngogona, ana akadya kutsogolo.

Kutsogoloko kunali mpunga wa nyemba. Kwapu, mbale mbee, nyemba zosapsa. Kutsogolo kwina kunali zitumbuwa. Kwapu, mbale mbee, soda wachuluka.

Gologolo ankaona makuponi kukhutu kuja akupyapyala. Kamtedza, mwana wake wotsiriza, anali atasiya kuloza akatungwe, akungoyang'ana mbale za eni ake. Koma kwawo kwa Gologolo, munthu wamkulu samufunsa za chakudya pagulu. Anangotsokomola.

"Aneba, anawa chidzukire sanalawe kanthu."

"N'chifukwa chake ndikuwasankhira chabwino, amake Kamtedza. Mukufuna akagone m'chipatala?"

Apa ndi pamene Gologolo akanati, ndipatseni makuponi a ana anga. Mawu ochepa chabe. Koma sanatero. Mtima unali utamuwawa, ndipo mtima ukawawa, nzeru zimafika msanga kusiya mawu m'mbuyo.

Anayang'ana paipi ija. Anayang'ana mimba ya Mvuu, imene tsopano inali itafufuma ngati thumba la makala. Ndiye anatembenukira ana ake n'kuyamba kuwauza, mokweza mawu pang'ono, kuti wamva kuti lesitilanti ya kutsidya kwa dziwe imapakulira m'beseni, pa kuponi yomweyo, koma kwa okhawo amene afikako kudzera m'paipi.

Makutu a Mvuu anaima.

"M'beseni?"

"Lochapira zovala lija. Komatu makuponiwo musalowe nawo, anyowa."

Mvuu anawachotsa kukhutu n'kumupatsa onse, osakayika n'komwe. "Musunge bwino. Inu muzungulire ndi ana pamtunda, tikadyera limodzi kumeneko."

Anakwera makwerero, thabwa lililonse likulira. Nyani woyang'anira paipi anamuchenjeza kuti sakwana, koma iye anati za m'madzi asaphunzitsidwe ndi nyama ya mumtengo. Analowa. Tsee, tsee, anatsetsereka bwinobwino. Pofika potulukira, nga. Mutu ndi miyendo yakutsogolo kunja, mimba m'kati. Kutsogolo osapita, m'mbuyo osabwerera.

Gologolo sanadikire. Anathamanga ndi ana kwa Pusi, n'kupereka kuponi imodzi. Kambale kanabwera. Anadya, anadya, anayi onse, mpaka ana anayamba kutaya chipisi pansi, timimba tili ndi. Kambale kamodzi komweko, ndipo sikanathe. Gologolo anayang'ana makuponi otsala m'manja mwake.

Ana anathamangira ku akatungwe akukuwa ndi chimwemwe. Kuchokera kudziwe kunkamveka phwete la chigulu cha nyama. Ena ankati Khwangwala wamanga chingwe pamenepo, wayamba kulipiritsa ofuna kuona Mvuu pafupi. Gologolo anadziuza kuti zamuyenera, wadya chakudya cha ana amasiye. Anakankha Kamtedza pa katungwe. Anadziuzanso kuti Mvuu aphunzireko pang'ono, iye apita kukamuona posachedwa. Anakankhanso katungwe. Koma maganizo ena sankamusiya: kambale kamene kanakhutitsa banja lake lonse, kwa Mvuu kanali kongonyambita, chonsecho mtengo unali umodzimodzi.

Zithunzithunzi zitatalika, anapita kukasuzumira. Ankayembekeza kumupeza akutukwana. Anamupeza ali chete, maso atatseka, ana a anyani akumuponyera makoko a nthochi pamphuno.

Gologolo anathamanga kubwerera kwa Pusi. Anakhuthula makuponi onse pakauntala n'kupempha kuti amupakulire zonse pamodzi, m'beseni ngati lilipo, akadyetse neba wake. Pusi anasuzumira pawindo. Dzuwa linali litangomira kuseri kwa phiri.

"Afa amenewa, mayi. Lamulo si langa."

Gologolo anamuchonderera, anagwada ndithu. Kumbuyo kwa Pusi miphika inali yodzaza, antchito akuivundikira kuti adzagulitsenso mawa.

Mvuu anamutulutsa ndi Njati, ndi chingwe ndi sopo. Anakoka, anakoka, mpaka phwa. Nthawi imeneyo Mvuu anali ndi ubweya wofiirira wonyezimira, ndipo wonse unatsalira m'paipi. Anatuluka ali see ngati dzungu. Gulu linasekanso, kenaka linabalalika.

Gologolo anaima patsogolo pake, mapepala akufa ali m'manja.

"Beseni lija kulibe eti?" anafunsa Mvuu.

"Kulibe, aneba."

"Nanga ana adya?"

"Adya."

Mvuu anagwedeza mutu. "Ndinalakwa ine, sindikana. Koma mukanangonena, amake Kamtedza."

Sanabwerere nawo kumudzi. Anatsetserekera kumtsinje n'kumira, kusiya maso ndi makutu okha pamwamba. Mpaka lero amadya kukada, kuopa kuti anzake amuona. Gologolo naye mukamuona panthambi, manja ali kukamwa, akucheukira uku ndi uku, musamayese akusangalala ndi mtedza wake. Akuyang'ana ngati neba wake avuuka.

Ena amati wolakwa ndi Mvuu, ena amati ndi Gologolo. Mukakangane nokha popita kokagona. Chimene chikudziwika n'chakuti amene anagona atakhuta bwino tsiku limenelo ndi Khwangwala, amene analandiriratu ndalama za mbale zomwe sanapakule. Nthano yanga yamira ndi dzuwa pomwepa, zimitsani moto.