Fungo Lachitatu la Botolo la Bi Mwatima

Kuno ku Wete, pachilumba cha Pemba, mtsikana sadzikonza yekha akamakwatiwa. Amamutsekera m'chipinda sabata yathunthu, kumusisita, kumujambula maluwa m'manja ndi utoto wa hina, kumufukiza lubani wa udi mpaka tsitsi lenilenilo lidziwe kuti mwini wake akupita kubanja. Kwa zaka makumi awiri ntchito imeneyi inali m'manja mwa Bi Mwatima, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Akakhala pakhonde n'kumasinja maluwa ouma mu kamtondo kawo, ankagwira mphuno yawo ndi chala n'kuuza aliyense wodutsa kuti, "Sukulu yanga ndi imeneyi." Kunena zoona, mphunoyo inali yabwino. Vuto n'lakuti inamera pafupi kwambiri ndi kamwa, kutali ndi makutu.

Kenako kunatulukira Bi Zuhura, mayi wachitsikana amene anakhalako ku Muscat n'kubwerako ndi timabotolo tachilendo. Maukwati atatu otsatizana anapita kwa iye. Pagulu Bi Mwatima ankamwetulira n'kumati dziko ndi la tonse, koma akafika kunyumba kamtondo kaja ndi kamene kankalipira mlandu.

Unatsala ukwati umodzi umene Zuhura sakanaulanda: wa Warda, mwana wa mchimwene wawo wa Bi Mwatima. Mtsikanayo ankakwatiwa ndi mwana wa Bi Asya, mwini minda ya kumtunda ya karafuu, zokometsera zakudya zodula zija, ndipo azimayi onse a mu Wete anali ataitanidwa. Bi Mwatima anadziwa kuti dzina lawo lidzaukira pa ukwati umenewu, apo ayi lidzafera pomwepo. Choncho anakwera boti lopita kumzinda wa pachilumba cha Unguja pamodzi ndi mlamu wawo Bi Tatu, mayi ake a Warda, kukafuna fungo limene mphuno ya munthu wa ku Wete inali isanalimvepo.

Mumzindamo anadutsa masitolo onse a magalasi owala osacheuka n'komwe. Mafuta onunkhira a m'menemo, iwo anati, amadzola ndi aliyense, ngakhale ogulitsa nsomba. Ankafuna kwa Mzee Haroub, kachipinda kopanda chikwangwani mkati mwa tinjira tija timene anthu awiri sadutsana popanda kupepesana. Mkuluyo ankasakaniza yekha mafuta ake, ndipo botolo lililonse linalibe linzake. Analinso ndi lamulo limodzi limene Unguja yonse inkalidziwa: amakudonthezera kadontho padzanja, upite ukamwe khofi, ukayende, ubwerenso litatha pemphero la swala ya masana. Ukalikondabe fungolo, pamenepo ndiye mukambirane zogula.

Bi Mwatima ananunkhiza zivindikiro zisanu ndi ziwiri akukwinya nkhope ngati munthu amene akumva nkhani yakale. Chachisanu ndi chitatu chinali cha kabotolo kobiriwira kamene kanali pakona, ndipo atangochiyandikiza pamphuno anatseka maso. Munali maluwa a asumini, munali khungu la lalanje, munalinso kenakake kozizira ngati mphepo ya m'mawa.

"Awa," anatero. "Kulungani."

"Bweretsani dzanja kaye, mayi," anayankha Mzee Haroub.

"Dzanja la chiyani? Ndanunkhiza kale."

"Mwanunkhiza moni chabe. Mafuta anga ali ngati mlendo. Poyamba amapereka moni, kenako amacheza, koma chimene wabwerera amachinena pomaliza, thupi likatentha. Makamaka amenewa, amawakonda ndi alendo a kumaiko ozizira. Anthu akwathu kuno sawagula chifukwa..."

"Ndiye omwewo! Amene anthu akwathu sagula ndi amene ndawolokera nyanja."

Bi Tatu anakwinya mkono wa chovala chake n'kutambasula dzanja. "Ndidonthezereni ine, bambo. Alamu, boti likunyamuka madzulo, nthawi ilipo. Ine ndi khofi sitidana."

Bi Mwatima analimenya dzanjalo ngati akuthamangitsa nkhuku pamphasa, n'kumukokera mlamu wawoyo pambali. "Iwe, mutu wako ukugwira? M'boti muja mwadzaza azimayi a ku Wete okhaokha, mchemwali wake wa Zuhura ali momwemo. Ukakhale pakati pawo ukununkhira chinsinsi changa? Tisanafike n'komwe padoko Zuhura adzakhala atamva kale. Botolo ili lidzatsekulidwa pa thupi la Warda basi."

Muwamvetse pang'ono. Kwathu kuno mkazi akhoza kukuuza zaka zake, akhoza kukuuza zimene amuna ake anachita chaka chatha, koma fungo lake sangakuuze. Ndiye pamene Mzee Haroub anafunsa kuti mafutawo ndi a ntchito yanji, Bi Mwatima anaganiza msanga kuti mkuluyu angakhale ndi achibale ku Pemba, ndipo ananama osaphethira.

"Ndi owaza makatani a m'nyumba mwanga."

Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza mapewa. "Chabwino. Makatani sadandaula. Komabe mtima wanga ukanakhala pansi mukanadikira."

"Bambo, pamene inu munkaphunzira kutsuka mabotolo, ine n'kuti ndikukonza kale akwatibwi. Mphuno iyi sidikira munthu."

Anatuluka kabotolo kali m'kamisolo, mutu uli m'mwamba. M'boti anakhala dala pafupi ndi mchemwali wake wa Zuhura, n'kumadandaula mokweza kuti ulendo wonsewo apita pachabe, ku Unguja kulibe chatsopano. Anagona bwino kwambiri sabata imeneyo, tulo ta munthu amene wapambana mpikisano usanayambe.

Tsiku la ukwati, chakumasana, anatulutsa aliyense m'chipinda cha mkwatibwi n'kutsekula botolo lija. Sanaumire ayi. Anapaka m'khosi, kuseri kwa makutu, m'mikono, m'tsitsi, mpaka m'mphepete mwa diresi. Warda atatuluka n'kukakhala pampando wake kutsogolo kwa azimayi, holo yonse inatembenuka ngati mpendadzuwa. Nthungululu zinalira. Azimayi ankapita kukamupsompsona mkwatibwi kawirikawiri, ena n'kubwereranso pamzere ngati aiwala kanthu. Zuhura yemwe anabwera kwa Bi Mwatima akumwetulira movutikira.

"Mayi, mwatipha lero. Mwawapeza kuti amenewa?"

"Kumsika wa nsomba, mwanawe," anayankha Bi Mwatima. "Ukakula udzawapeza."

Bi Mwatima anavina tsiku limenelo, munthu amene mawondo ake tinkawamva chaka chonse akudandaula. Kunkatentha, anthu anali ambiri, ndipo mkwatibwi pansi pa nsalu zake zolemera anayamba kutuluka thukuta. Asumini uja anatsanzika. Lalanje linamutsatira. Mlendo wa Mzee Haroub anali atamaliza moni ndi macheza, ndipo tsopano anakhala bwino kuti anene chimene wabwerera.

Oyamba kuzindikira anali azimayi achikulire a mzere wakutsogolo, amene amaitanidwa kukasambitsa maliro. Anayang'anizana, wina n'kuyamba kunong'ona pemphero. Fungolo ankalidziwa kuposa dzina lawo. Anali kafuri, mankhwala oyera aja amene timasungunula m'madzi omaliza osambitsira womwalira tisanamukulunge m'nsanda. Kwa mlendo wa kumaiko ozizira ndi kafungo kabwino kotsitsimula. Kwa ife ndi fungo la nyumba imene anthu akulira.

Pa nthawi yomweyo Bi Asya ananyamuka kuti akamuveke mpongozi wawo mkanda wagolide. Mayiwa anali atangotuluka kumene m'miyezi inayi ndi masiku khumi yolira amuna awo, ndipo ili linali tsiku lawo loyamba kuvala zowala. Anawerama kuti amange mkandawo m'khosi mwa Warda, n'kuuma pomwepo. Mkanda unagwa pansi. Oimba anasiya okha.

"Ndani wachita zimenezi?" anafunsa Bi Asya. "Fungo ili linadzaza m'nyumba mwanga tsiku limene ananyamula amuna anga. Ndani wandibweretsera mkwatibwi wosambitsidwa ngati mtembo? Mukumulosera chiyani mwana wanga?"

Warda anayamba kulira, utoto wakuda wa m'maso n'kutsikira m'masaya. Ndinamumvera chisoni mwanayo, ndipo mpaka lero ndikamuona chimandibwerera, chifukwa iye sanalakwe kanthu koma kukhulupirira azakhali ake. Bi Mwatima anathamangira kutsogolo, anaika mphuno yotchuka ija pakhosi pa mtsikanayo, ndipo nawonso anamumva kafuri uja.

"Alamu," anatero Bi Tatu misozi ili m'maso, koma mokweza kuti aliyense amve, "kapu imodzi ya khofi. Mkulu uja anangopempha kapu imodzi ya khofi basi."

Amene anapulumutsa ukwatiwo anali Zuhura. Anamutengera Warda kuchipinda, anamusambitsa katatu ndi madzi a maluwa, anamusintha diresi n'kumufukiza udi wamba, womwe uja wa masiku onse. Mkwatibwi anabwereranso pampando dzuwa litapendeka, ndipo akuluakulu atawapepesa Bi Asya kwa nthawi yaitali, mkanda uja unamangidwa. Banjalo lilipo mpaka lero, koma Bi Asya akaona Bi Mwatima panjira amawolokera tsidya lina.

Chiyambire tsiku limenelo palibe mayi wa ku Wete amene anaperekanso mwana wake m'manja mwa Bi Mwatima. Komabe sitinganene kuti anthu athu ndi oipa mtima, ntchito anawapezera. Patatha mwezi, gogo wina atamwalira kuseri kwa msika, azimayi osambitsa maliro aja anatuma uthenga waulemu kwambiri kwa Bi Mwatima: ngati m'botolo lija mwatsala kanthu, abwere nalo, ndipo abwere ndi manja awo odziwa kusisita aja. Anapita, nanga akanatani? Anthu anayamikira kuti gogoyo anapita akununkhira bwino kuposa mmene anakhalira moyo wake wonse.

Masiku ano munthu akagogoda pakhomo pa Bi Mwatima, iwo safunsanso kuti akukwatiwa ndani. Amangotenga chitenje chawo n'kufunsa kuti watisiya ndani. Dzina limene analimanga zaka makumi awiri analigulitsa pofuna kupulumutsa ola limodzi, ndipo akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.