Mpanda wa Che Jafali ndi Njira ya Kumanda

Che Jafali Mkwanda anafika pamzikiti wathu Lachitatu, Swala ya masana itangotha, atapanira chikwama cha mapepala m'khwapa. Ine ndinali pakhonde ndi Shehe Sumaili Ndemanga, amene anaphunzitsa ine ndi aphunzitsi ena ambiri a madrasa m'tauni muno. Nditangoona chikwamacho mtima unayamba kuwawa, chifukwa nkhani ya bambowa inali itatikwana tonse.

Iwo anagula poloti kuseri kwa msika n'kumanga mpanda wa njerwa. Mpandawo unameza njira yomwe timadzera popita kumanda, n'kungosiya pakati pake ndi khoma la msika kampata koti munthu wonenepa amadutsa chammbali. Kuyambira pamenepo maliro athu ankazungulira kumsewu waukulu, kudzera padepoti, maminibasi akutiimbira mahutala ngati tasenza matumba a makala. Khonsolo inawalembera makalata atatu kuti abweze mpandawo mamita awiri, koma anauma mutu. Akhonsolo atabwera kudzalemba chizindikiro chofiira pakhomalo, iwo anapakapo laimu n'kukatenga loya. Tsopano mlandu unali woti ulowa m'khoti Lolemba.

Atapereka salamu, anayala mapepala awo pamkeka, lililonse ndi chidindo chake. Analankhula mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Anati kukhonsolo kwadzaza anthu ansanje. Anati mapu a poloti sasonyeza njira ina iliyonse. Sanaiwalenso kukumbutsa Shehe kuti ena mwa malata a mzikiti uno anapereka ndi iwo, nkhani imene tinali titaimva kale kambirimbiri.

"Shehe, mawu anu amamveka m'tauni muno," anatero pomaliza. "Ndikupempha mukaime m'khoti mukanene kuti Asilamu sakudandaula. Mpata ndasiyawo ndi wokwanira. Ndinayesa ndekha."

Ine yankho linali litafika kale pamlomo, ndipo silinali labwino. Shehe anandigwira bondo, ndinameza.

"Munayesa ndi chiyani, Che Jafali?"

"Ndi tepi ya mmisiri, ndiponso ndi thupi langali. Ndimadutsa bwinobwino."

Shehe anati za mapu ndi zidindo iwo sazidziwa, zimenezo akaweruza a khoti. Koma umboni pa chinthu chimene sanachiyese okha sangaupereke, choncho ndi bwino tipite tikayese. Che Jafali anavomera mwansangala, akuganiza kuti zawayendera.

M'malo molunjika kuchipata, Shehe anazungulira kuseri kwa mzikiti kumene timasunga jeneza, chithatha chathu chonyamulira maliro. Anaitana Che Amidu, woitanira Swala, kuti agwire kumbuyo pamodzi ndi ine. Shehe eni ake, ukalamba wonsewo, anaika phewa kutsogolo kumanja, n'kupempha mwaulemu Che Jafali kuti agwire kumanzere. Bambo aja anayang'ana mkanjo wawo woyera, anayang'ananso Shehe, koma pokanira panalibe.

Podutsa pamsika amayi ogulitsa tomato anaimirira, ena akufunsa kuti watisiya ndani. Shehe ankangoyankha kuti palibe. Che Jafali thukuta linali kamukamu, maso ali pansi. Ndisabise, ine manyazi awowo sanandimvetse chisoni. Phewa langa linali likukumbukirabe ulendo wa kudepoti tsiku limene tinanyamula malume anga dzuwa likuswa mtengo.

Titafika pakampata paja, mitengo ya jeneza inagunda njerwa mbali zonse ziwiri. Tinabwerera m'mbuyo n'kuyesanso, koma zinakanika. Che Jafali anayamba kulamula ngati ali pagolosale pawo: uyu atsike, uyo akweze, winayo asunthe. Phewa lawo linakhulika kukhoma, laimu ndi utoto wofiira uja n'kudetsa mkanjo.

"Tiipendeke chammbali," anatero akupuma mwawefuwefu. "Ikapendekeka ilowa."

Shehe anatiuza kuti titule pansi. Anapukuta nkhope ndi kansalu kawo, kenaka analankhula motsitsa mawu, moti anthu amene anatitsatira kuchokera kumsika anachita kusendera pafupi.

"Lero ingapendekeke chifukwa mulibe munthu. Che Jafali, inu munayesa njirayi ndi munthu woyenda ndi miyendo yake, koma mwini wake wa njira iyi sayenda, amanyamulidwa. Kukhoti ndipita monga mwapempha, ndipo ndikanena zimene ndaona pano, osaonjeza kapena kuchotsa. Koma inu ndiuzirenitu lero, pakuti tsiku limenelo simudzatha kutiyankha: tidzakupendekeni, kapena tidzakuzungulitseni kudepoti?"